Khasu la a Juwawo

Basi yomaliza yobweza othawa nkhondo kwawo ku Mozambiki inaima pamsasa wa Luwani, fumbi lili koboo. Ku Mozambikiko mfuti zinali zitaleka kulira, kuno nako zipani zinali zitangoyamba kuchuluka. Akuluakulu a maboma awiriwo anali atalankhula kale za ubale wa mayiko, anthu n'kuwomba m'manja. Koma a Juwawo anakhala pamtolo wawo, osasuntha.

"Mkazi wanga wagona m'manda a eni. Ndimusiyire ndani? Padzamera tchire."

Mailesi anagwira dzanja la Rozita, mwana wa a Juwawo, mnzake wa kuchitsime ndi kusukulu komwe. Mumtima ankangopempha kuti mdalayo aumitsebe khosi. Basi ikawasiya, Rozita atsala.

Bwana wina wa taye anayesa. Anatchula pangano limene maboma anasainirana, anatchulanso mbewu zimene zikuwadikira ku Tete. A Juwawo anangoyang'ana zala za kumapazi.

Kenaka anatulukira bambo ake a Mailesi, a Gerishon, akukankha njinga. Ndiwo anakumba manda aja chaka cha chilala. Kuyambira pamenepo anali adzukulu a banjalo, ololedwa kunyoza ngakhale kulanda kanthu popanda mlandu.

"Kodi a Juwawo, mwamera mizu? Nkhuku zathu mwatha, mukudikira mbuzi?"

"Chokani apa, afisi inu," anatero a Juwawo, koma kaphwete kanawapulumuka.

A Gerishon anasolola khasu pamtolopo. "Ili ndatenga. Amayi aja ndinawaika ndine, ndi anga. Ndizilambula pamanda ndi khasu lanu lomweli. Mukalifuna mudzabwere, mudzaone nokha ngati pamera udzu."

"Mulambula inu? Ndi ulesi umenewo?"

"Ndikalephera alipo mwanayu."

Anthu onse anatembenukira kwa Mailesi. Iye analakalaka nthaka itang'ambika. A Juwawo anamuyang'ana kwa kanthawi.

"Eti mwana wanga, uzidzasesa?"

Akanangoti kaya, mdalayo sakanadzuka. Koma Rozita ankayang'ana kumitengo kumene kunagona mayi ake.

"Ndizidzasesa, bambo," anatero Mailesi chapansipansi.

A Juwawo anasenza mtolo wawo. Bwana uja anapumira m'mwamba, n'kuuza mnzake wa ku Mozambiki kuti zokambirana zayenda bwino. Rozita anakwera pambuyo pa bambo ake, koma malo anawapeza mbali inayo ya basi, kumene Mailesi sakanatha kumuona.