Bulangete la Pawindo

Mlonda atafika kunyumba m'mawa, anapeza bulangete lomwe ankatchingira pawindo palibe. M'malo mwake panali katani yoyera, yopyapyala ngati sefa, ndipo dzuwa linali litadzaza bedi lonse.

Amene anachita zimenezi anali mlamu wake, mkulu wa mkazi wake, yemwe anabwera kudzacheza sabata imodzi koma tsopano unali mwezi. Ankamutcha Mayi Ukhondo, poti ngakhale sopo ankayamba wamutsuka asanasambire.

"Chinsanza chija ndataya, alamu," anatero atakwinya mphuno. "Mphemvu zinali zitamangamo mudzi. Ndinachita kunyamulira kamtengo."

"Ine ndimagwira ntchito usiku, alamu. Ndigona bwanji dzuwa lili pankhope?"

"Nanga zikope anakupatsani za chiyani? Mukatsinzina basi ndi mdima. Munthu wotopa amagona ngakhale pamwala."

Mkazi wake anangomunong'oneza kuti apirire, mlendo ndi mame.

Mlonda anagona n'kutsinzina, koma mdima kunalibe. Ankangoona kufiira, monga munthu akaphimba tochi ndi chikhatho. Chikope ndi kakhungu chabe. Kuwala kumadutsa, thupi n'kumayesa kuti yakwana nthawi yodzuka. Anadziphimba ndi pilo, thukuta linamutulutsa. Anamanga malaya kumaso, akatembenuka ankamasuka. Masiku anayi anatha choncho, masana maso gwa, usiku kuntchito akungosinza.

M'mawa wa tsiku lachisanu, kapitawo anamuonetsa chithunzi pafoni. Anadziona ali pampando wapageti, kukamwa yasa, dovu likuyenderera payunifolomu, tochi ili pansi. Anadzinyansa yekha. Zaka zisanu ndi zinayi anali asanagonepo pantchito.

"Ndikakupezanso chonchi, yunifolomuyo ukasiye ku ofesi," anatero kapitawo.

Mlonda atabwerera, m'nyumba sanalowe n'komwe. Analunjika kudzala. Bulangete linali pansi pa makoko owola ndi matewera a mwana wa aneba, ntchentche zikuchitirapo phwando. Analikoka atagwira mpweya, analikutumula mphutsi, kenako analitsukuluza pampopi kawiri. Fungo silinasunthe. Analowa nalo likudontha, hamala ili kudzanja linalo.

Mayi Ukhondo anataya tsache. "Mayo ine. Zimenezo m'nyumba ya anthu? Iwe mng'ono wanga, ukungoyang'ana? Limenelo likalowa kuchipinda, ine ndikutuluka."

"Ntchito ikatha tonse tituluka, alamu," anatero mlonda. "Kapitawo wandijambula ndili m'tulo. Wati kamodzi kokha katsala."

Mkazi wake anayang'ana bulangetelo. Kenako anayang'ana maso a mwamuna wake, ofiira ngati wathiridwa tsabola. Anavula mpango n'kuumanga pamphuno, anakwera pampando, nang'amba katani yoyera ija. Anagwira ngodya ya bulangete ndi zala ziwiri, nkhope atayang'ana kumbali.

"Khomani msanga, abambo ake, ndisanasanze," anatero. "Achemwali, chikwama chanu chili kuseri kwa chitseko."