Juzi Yobiriwira ya Abambo

Abambo atasowa, mwana wawo wamkazi, namwino wosachedwa kupsa mtima, ankadalira chinthu chimodzi: juzi. Mkuluyo anali atayamba kuiwala ngakhale dzina lake, koma juzi yobiriwira ngati tsamba lanthete sankaivula. Namwino anawagulira dala yowala choncho kuti azioneka patali.

Mlongo wake, amene pakhomo ankamutcha Katswiri chifukwa chodzitenga wodziwa zonse, anakonza chilengezo pa kompyuta: chithunzi cha abambo, m'munsi mwake mawu akuti "Anavala juzi imeneyi." Pa kompyutapo juziyo inkachita kuthobwa m'maso. Wosindikiza anamuchenjeza kuti inki siwala ngati galasi la kompyuta, ayambe atulutsa pepala limodzi aone. Aa, Katswiri n'kumva za munthu? Ananyamula mtolo wonse wa mapepala osauyang'ana, n'kugawira anzake kuti akamate m'misewu.

Namwino analiona pepalalo pa mtengo wa magetsi, akuchokera kukafunsa kupolisi. Mayo ine! Juzi ija inali itasanduka yotuwa ngati madzi otsukira mbale, nkhope ya abambo ili bii. Anaimbira foni Katswiri mwaukali.

"Iwe, maso ako anali kuti? Ukanalemba kuti yobiriwira, dzanja likanathyoka?"

"Asisi, pa kompyuta inali bwinobwino."

"Ndiye anthu aziyenda ndi kompyuta yakoyo mumsewu? Zamanyazi!"

Anadula foni, n'kugula cholembera chachikulu. Anayenda mtengo ndi mtengo, khoma ndi khoma, kulemba pa pepala lililonse kuti YOBIRIWIRA KWAMBIRI, akutukwana chamumtima.

Pa siteji ya basi, mayi wina wogulitsa zipatso anamuyang'ana akulemba, kenako anagwira pakamwa.

"Mwati yobiriwira? Kalanga ine! M'mawa uno panakhala agogo ena pa benchi apa, juzi yawo yowala zedi. Ndinawapatsa madzi akumwa. Ndinayang'ana pepalali, n'kuyang'ana iwo, ndinati ayi, si amenewa."

Namwino anasiya kulemba.

"Ali kuti?"

"Anakwera basi."

"Yopita kuti, mayi? Yopita kuti?"

Mayiyo anatembenukira ku mabasi amene anali ndandanda, makondakitala akukuwa aliyense njira yake.

"Pamaima mabasi ambiri pano, mwanangu. Sindinayang'ane."