Manyowa a Mbira

Nthaka imene Zoila Farinango anasiyiridwa ndi mayi ake ku Cayambe inali itatopa kuposa mwini wake. Zaka zonsezi mwamuna wake Aníbal ankangoimwetsa feteleza wosungunula m'thanki, maluwa a rozi n'kumatalika bwinobwino, koma pansi pakuuma gwa! Pamwamba panayera mchere. Khasu linkachita kudumpha, ndipo nyongolotsi anali ataiwala maonekedwe ake.

Zoila anachita mantha kuti dothilo limufera m'manja. Anapempha kwa mwamuna wake mizere iwiri ya kumapeto kwa shedi ya pulasitiki imene ankalimamo maluwawo, natseka paipi ya feteleza kumeneko, n'kuyamba kututa manyowa a mbira zimene ankaweta kuseri kwa khitchini. Wilibala pa wilibala, msana uli phwanyu. Aníbal ankangomuseka kuti mbirazo zakwezedwa pantchito, kale zinali ndiwo, lero ndi alangizi a zaulimi.

Koma walira mvula walira matope. Itakwana nyengo ya Valentine, Don Efraín wogula maluwa anafika ndi galimoto yake, nayamba kuyeza mapesi pathebulo monga mwa nthawi zonse. A mizere ya Aníbal anadutsa. Atafika pa a Zoila anapukusa mutu. Anati maluwawo ndi okongola ndithu, masamba ali biriwiri, koma afupika ndi zala zitatu, ndipo azungu akunja sagula duwa lalifupi. Mitolo yonseyo anaikankhira pambali osayang'ananso.

Zoila analibenso mphamvu zokangana ndi munthu. Galimoto itachoka anatenga chikwanje, nanyamula maluwa okanidwawo kupita nawo kudzenje la manyowa, n'kuyamba kuwaduladula. Zinamupweteka kwambiri, miyezi yonse ija yowerama.

Aníbal anamutsatira. Ankayembekezeka kunena kuti ndinakuuza, koma mawuwo anawameza ataona nkhope ya mkazi wake. M'malo mwake anapita kumizere iwiri ija, naponda pansi, nsapato n'kulowa. Anagwada, nafukula ndi zala. Dothi linali lakuda, lofewa, ndipo nyongolotsi ziwiri zinapiringizika m'dzanja lake. Anapitanso pamzere wake kukayesa chimodzimodzi, chikhadabo chinathyoka.

Anabwerera kudzenje, dothi lakuda lija likadali m'manja.

"Mayi, paipi ija nditsegule?" anafunsa.

Zoila anapukuta thukuta ndi chipewa. Ankadziwa kuti manyowa okha sadzafikitsa duwa pa muyeso wa Don Efraín, ndipo feteleza yekha adzamaliza munda wa mayi ake.

"Tsegulani, bambo. Koma theka, osati monga muja mumachitira."

"Nanga mizere yanga?"

Zoila anakweza chikwanje, naloza wilibala.

"Iyo ili apoyo. Msana wanga ine watha, wanu ukadali watsopano."

Aníbal anavula jekete, nagwira wilibala, nalunjika kukhola la mbira. Zoila anakhala pansi pambali pa dzenje, pakati pa maluwa ofiira odukaduka, ndipo kwa nthawi yaitali sanadzuke.