Nyumba Yachikasu ya Ersilia

Kwathu kuno nyumba zinachita kuberekana pathanthwe, iliyonse ndi mtundu wake. Makolo anatero kuti msodzi akakhala kutali panyanja aziona pakhomo pake. Alendo amangoti n'zokongola, n'kujambula, n'kumapita. Sadziwa kanthu amenewo.

Yachikasu, kumunsi kwa nsanja yakale yoonerapo achifwamba a panyanja, inali ya Ersilia. Mwamuna wake Settimio anapita kukasodza zaka makumi atatu zapitazo, boti lokha n'limene linabwerako. Koma m'mawa uliwonse pakhomo pa Ersilia pankakhala ponyowa, ngakhale m'chilimwe, ndipo pakauma pankatsala mchere. Tonse tinkadziwa kuti wabwera ndani, tinkangolambalala.

Chaka chino namondwe anasupula makoma a mzere wathu wonse. Ersilia anali m'chipatala kutauni, atathyoka mwendo pa masitepe athu osatha aja. Opaka penti anali obwera, anthu a kumapiri osadziwa nyanja. Anandifunsa ine Nives, woyandikana naye, kuti yachikasu inali iti.

Ndinaloza yanga.

Patatha miyezi iwiri Ersilia anabwera, n'kupeza nyumba yake ili mbee, yanga ili yachikasu. Anatsamira ndodo n'kuyang'ana pakhomo panga. Panali ponyowa.

"Nives, ulibe manyazi? Imvi zonsezo kumaba mwamuna wa mwini?"

"Anasokoneza ndi amisiri aja."

"Bodza! Kumutsinzinira diso Settimio unayamba tisanakwatirane n'komwe."

"Anayamba wafunsira ine, Ersilia. Bambo anga ndi amene anakana msodzi. Ukudziwa."

Ndinkayembekezera ndodo ija pamutu, ndipo ikanandiyenera. Koma anangotsitsa mawu.

"Chabwino. Ndiye umamutsekulira?"

"Kumutsekulira?"

"Amabwera atazizidwa, mwali. Ine kukangocha ndimatsekula chitseko, n'kuika khofi pamoto. Salowa, koma amaona kuti n'kotsekula."

Ndinasowa poyang'ana. Miyezi iwiri yonseyo ndinkamva madzi akudontha kunja kwa chitseko, ine nditakhoma ndi mpiringidzo. Ndinamufuna moyo wanga wonse, atafika ndinamuopa.

Tsiku lomwelo ndinapaka laimu khoma langa. Lake ndinalibwezera chikasu ndi manja angawa, mpaka mapewa kuwawa.

M'mawa mwake ndinasuzumira pawindo. Pakhomo panga panali pouma. Pa Ersilia paja panalinso pouma gwa.

Tsopano mphesa takolola, mandimu apsa, ndipo pakhomo pake ngakhale panga sipananyowenso. Ersilia sanandinenepo chilichonse. Kukangocha ndimamva chitseko chake chikutsekuka, kenako fungo la khofi limalowa m'nyumba mwanga.