Giya ya Mpikisano pa Ukwati wa Regina

Chomwe chinkamudya Paison chinali chitunda cha pafupi ndi Nsipe. Galimoto yake inali ya otomatiki, yosintha yokha magiya, koma ikafika pachitundapo inkayamba yaganiza kaye. Goliati, mlimi mnzake wa mbatatesi, ankamupitirira ndi chilole chodzaza matumba, uku akumuimbira hutala. Paison ankafika kunyumba mtima uli phuluphulu.

Ndiye kunabwera mlamu wake Aleck, makaniko wa ku Joni, atanyamula laputopu.

"Alamu, galimotoyi ilibe vuto," anatero Aleck akulumikiza chingwe kunsi kwa chiwongolero. "Kakompyuta ka giyabokosi ndi kamene kali ndi ulesi. Ndikauza kuti kazisintha magiya msanga ngati galimoto za mpikisano."

Anadina mabatani kwa ola lathunthu. Atakaiyesa pamsewu wa tala, galimoto inachita kuuluka, Paison n'kuseka mpaka misozi. M'mawa mwake Aleck anakwera basi yobwerera ku Joni, laputopu ili kukhwapa.

Limenelo linali Lachitatu, ukwati wa Regina uli Loweruka. Regina, mwana yekhayo wamkazi wa Paison, anali atapempha chinthu chimodzi chokha: kuchoka kutchalitchi mpaka kuholo ali m'galimoto ya bambo ake.

Koma galimoto ya akwati sithamanga. Imakwawa pambuyo pa amayi ovina, amene amayala zitenje pansi n'kumaima pomwe afunira. Zimenezi Aleck sanaiuze kompyuta ija, ndipo Paison, ndi imvi zake zonse, sanaziganizire.

Loweruka litafika, Paison atangokhudza chopondera mafuta, galimoto inadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu. Amayi anabalalika. Paison anaponda buleki, akwati n'kugunditsa mphumi kumipando. Anayesanso mwaulemu, ndi chala chachikulu chakuphazi chokha. Injini inakuwa mpaka kumiza nyimbo, giya n'kulowa ndi chigugu.

"Bambo, pang'onopang'ono," anatero Regina, atagwira velo yake.

"Ndikuyesa, mwanawe. Sikundimvera."

Thukuta linanyowetsa suti. Anakwiyira Aleck, anakwiyira galimoto, koma amene ankafunitsitsa kumutukwana anali iye mwini. Kudumpha kwachitatu, tayala linatsala pang'ono kuponda phazi la amayi ake a mkwati, amene anagwera mungalande. Nyimbo zinatha zokha.

Regina anatsegula chitseko n'kutsika. Misozi inali itawononga kale zodzola zake. Anakweza diresi, mwamuna wake akumutsatira, kupita kumbuyo kumene kunali chilole cha Goliati chitanyamula a kwaya. Goliati anawakweza kutsogolo.

Amayi anayalanso zitenje, nyimbo n'kuyambiranso. Paison anapatutsa galimoto yake, nazimitsa injini. Chilole chija chinamudutsa chili mugiya yoyamba, chikuyenda bwinobwino liwiro la munthu wovina, Regina atayang'ana kutsogolo. Ulendo uno Goliati sanaimbe hutala, ndipo n'zimene zinamupweteka Paison koposa.