Masamba Pamsewu wa ku Mzinda

Ndinalota Pulezidenti atalowa m'kalasi mwanga masana, pakati pa phunziro la Chichewa. Nkhope yawo sindinaidziwe, koma ana onse anaimirira. Anakhala pa desiki lakutsogolo, mawondo atatulukira kunja.

"Mayi aphunzitsi," anatero, "dziko la kutsidya latiponyera bomba la nyukiliya. Lanyamuka kale, ndipo lifika mumzinda dzuwa lisanapendeke. Mundikonzere mawu oti ndiliuze."

Mumzindamo ndi mmene mwana wanga Mwandida amagwira ntchito ya unamwino. Ndili naye yekhayo.

Anandipatsa pepala limene alangizi awo analemba: "Sitidzagonja. Mukaponya limodzi, ife tiponya khumi." Mawuwo ankayenda papepala ngati linthumbwi, ena anandiluma chala. Ndinawakutumulira pansi.

Ndinatsegula kabati ya choko, ndipo mkatimo munali msewu wafumbi wopita ku mzinda. Malemu amuna anga, a Kalinde, anali chiimire m'mbali mwake, akuthyola nthambi za mango. Anavala jekete lomwe tinawaika nalo m'manda.

"Make Mwandida," anatero, "chinthu chimene chili paliwiro sichimva zoopseza. Yalani masamba pamsewu. A Pulezidenti alengeze zovuta."

"Koma palibe wamwalira, bambo."

"Ndiye ubwino wake. Lengezani eni ake akadali moyo, amve okha."

Tinayala nthambi chopingasa msewu, monga timachitira pamudzi pakagwa maliro, kuti wapanjinga atsike, wagalimoto achepetse liwiro. Anthu anabwera nakhala pansi, amayi uku, abambo uko.

Bomba linatulukira cha kumlatho. Linali lalitali ngati basi, loyera, ndipo linkauluka m'munsi kwambiri moti udzu unkawerama. Litafika pamasamba linaima.

Pulezidenti anavula chipewa.

"Inu mwachokera kutali, takulandirani," anatero. "Pepani, mwatipeza pazovuta. Sindifunsa amene wakutumani, nayenso anabadwa kwa mayi. Ndikupempha chimodzi chokha: mumve kaye mayina a anthu amene tikuwalira. Onsewa ali moyo. Ena akuchapa, ena ali pamzere kuchigayo, ena angobadwa m'mawa uno."

"Ndili paulendo, bwana," linatero bomba, ndi mawu aulemu. "Komabe sindingadumphe masamba."

Linatsika pang'onopang'ono nilikhala kumbali ya abambo. Mkulu wina anasendera kulipatsa malo pamthunzi.

Amuna anga anandinong'oneza: "Pamaliro munthu sanyamuka wolankhula asanamalize. Koma dzina lomaliza likangotchulidwa, mwambo watha, mlendo apitiriza ulendo wake."

Choncho ndinagwada pambali pa Pulezidenti, ndikuwapatsira mayina. Ndinayamba ndi ana onse amene ndinawaphunzitsa m'zaka makumi atatu, kenako ena onse a kwathu, iwo nkumatchula mokweza.

"Ndaziona Mpokosa, amene amasoka yunifolomu pakhonde la sitolo. Lonjezo Thawale, amene sanathe kulemba chimangirizo koma amakonza mijigo. Gogo Nangondo, amene akudikira mdzukulu wawo padepoti."

Pa dzina lililonse bomba linkayankha kuti, "Pepani."

A kwathu atatha, mayina a anthu akutsidya anayamba kundibwerera okha, ngakhale chilankhulo chawo sindichidziwa. Pulezidenti anawatchula mosamala, osathamanga. Atatchula dzina lina, bomba linagwedezeka.

"Ameneyo ndi mayi amene anandipaka utoto," linatero. "Ankaimba akugwira ntchito. Nayenso ali pazovutazi?"

"Ali pomwepa," anayankha Pulezidenti. "Mukafika inu mumzinda, mabomba athu apita kumeneko."

Mayi wina anavula chitenje chake chapamwamba nafunditsa bombalo.

Mawu a Pulezidenti anayamba kusasa. Anawerama nandifunsa chapansipansi, "Mayi aphunzitsi, atsala angati?"

Linatsala limodzi. Linali pa lilime langa, lofunda, lolemera ngati tsiku lija ndinamunyamula Mwandida koyamba.

"Atsala ambiri, bwana," ndinatero.

Ndipo ndinayamba kuwapatsa mayina a ana amene Mwandida adzabereke, ndi a ana awo, ndi a ana a anawo. Ndikuwatcha ndekha, mmodzimmodzi, monga agogo amachitira.

Kwinakwake kunja wina akugogoda pachitseko changa, akuti kwacha, ndichedwa kusukulu. Ndikumumva bwinobwino. Adikire. Mlendo adakali chikhalire, ndipo a Pulezidenti atchera khutu kudikira dzina lotsatira.