Khoma la Kumanja

Ejenti wa nyumba uja anali atayendapo ndi anthu ovuta, koma mayi woti akangolowa m'nyumba n'kutsinzina anali asanamuonepo. Ena amayang'ana kudenga ngati kumadontha, ena amatsegula mpope, ena amathamangira kukasuzumira kuchimbudzi. Akazi a Telala ayi. Iwo ankafunsa kumene kuli khitchini, n'kukaima pakhomo pake, kutsinzina, kenako n'kumayenda pang'onopang'ono dzanja lamanja likusisita khoma.

"Mayi, mukupemphera?" anafunsa ejenti tsiku loyamba.

"Ndikuona nyumba."

"Nanga mwatsekeranji maso?"

"Inu achimwene, gwirani makiyi anuwo."

Nkhani yake inali iyi. Amuna awo, amene anthu ankawatchulabe kuti a Telala ngakhale makina awo osokera anali atavundikiridwa kalekale, anasiya kuona chifukwa cha matenda a shuga. Matenda omwewo analowanso m'dzanja lamanzere: kugwira linkagwira, koma kumva silinkamva. Linatsala lamanja, lija linkadziwa nsalu yabwino pongoikhudza. Chaka choyamba cha khungu lawo bambowo anangokhala pampando, osalankhula, osaseka, kudya mochita kuwakakamiza. Mayi ankawaona akutha tsiku ndi tsiku, ndipo ankakalirira kubafa atatsegula mpope kuti asamveke.

Ndiye m'mawa wina anadzidzimuka atamva kapu ikulira kukhitchini. Posakhalitsa a Telala anatulukira pakhomo la kuchipinda, kapu ili kumanzere, dzanja lamanja likutsata khoma. Anali atawiritsa okha madzi m'ketulo, kuthira masamba, n'kuyeza ndi chala kuti kapu isasefukire. Kuyambira tsiku limenelo tiyi ankawapeza mayi pabedi m'mawa uliwonse, ndipo m'mawa uliwonse mayi ankadandaula kuti, "Mwachulutsa masamba." Bambo ankayankha kuti, "Kadandauleni kwa abwana." Kanthu kakang'ono, inde, koma ndi kamene kanawadzutsa pampando paja. Mayi ankadziwa bwino lomwe kuti tiyiyo akadzatha, amuna awo adzabwerera pampando, ndipo ulendo uno sadzadzukanso.

Tsono eninyumba anagulitsa nyumba ija, wogulayo akuti akufuna kuisandutsa maofesi. Mwezi ukatha, atuluke.

Mwana wawo wamkazi, amene onse ankangomutchula ndi ntchito yake kuti Nesi, sankamvetsa chimene chinkachedwetsa zinthu. "Amayi, nyumba ndi nyumba. Ababa azolowera."

"Iwe unazolowerapo chiyani uli mumdima?"

Mzinda anauyenda mpaka nsapato kupindika. Nyumba ina inali ndi sitepe pakati penipeni pa njira ya kuchipinda, ngati womangayo anayamba atakhuta n'kumaliza ali ndi njala. Ina khitchini yake inali panja, kuseri, pafupi ndi galu wa eninyumba. Ina inali yokongola ndithu, ya matailosi onyezimira, koma windo lake linkatsegukira mkati, ndipo mayi ali chitsinzinire anakaligunda ndi mphumi. Ejenti anagwira pakamwa kuti asaseke. Chotupa chinatuluka pompo, ndipo pobwerera kunyumba mayi anatsitsa mpango kuti chibisike, n'kudziseka okha m'basi atakumbukira kuti amene akumubisirayo saona.

"Mwapeza?" ankafunsa a Telala madzulo aliwonse.

"Tikuyang'anabe, bambo."

"Iliyonse, mayi. Bola denga."

Ankalankhula mopepuka, koma zala zawo zinkakhala zikupotokola mphonje ya nsalu ya patebulo. Munthu amene wakhala naye zaka zonsezi sangakunamize ndi mawu.

Mwezi uli pafupi kutha, ejenti anawatengera ku nyumba ziwiri zogundana, za khoma limodzi pakati, mumsewu wabata wa mitengo ya mthunzi. Anatsegula imodzi. Mayi anaima pakhomo la khitchini, kutsinzina, kuyamba kuyenda. Khoma linali kumanja, losalala, lopanda windo, lopanda sitepe, ndipo linawatenga kudutsa pabalaza mpaka zala zawo zinakagwira felemu ya chitseko cha kuchipinda. Anatsegula maso ali ndi misozi.

"Ndi iyi, achimwene. Basi ndi iyi."

Ejenti anakanda kumutu. "Iyi ena aitenga dzulo, mayi. Ndakuonetsani kuti muone mmene inayo ilili. Yanu ndi yapafupiyi, kungoti eni ake sanatuluke, ali kuntchito ndipo akiya. Koma ndi mapasa. Womanga mmodzi, pulani imodzi."

Mayi amene anasisita makoma a mzinda wonse, amene anakana nyumba ya matailosi chifukwa cha windo, tsiku limenelo anakhulupirira mawu a pakamwa. Anali atatopa, masiku anali atatha, ndipo mtima unali utakhazikika kale. Anavomera.

Tsiku losamuka linayamba ndi tsoka laling'ono. Sofa yawo yakale, imene inalera Nesi ndi alendo osawerengeka, anyamata a lole atangoinyamula inathyoka msana, chiswe chili yakaliyakali. Anaisiya pomwepo. Atafika ku nyumba yatsopano, mayi anatsogola kulowa atakumbatira ketulo, n'kulunjika kumene ankadziwa kuti kuli khitchini. Anapeza khoma. Khitchini inali mbali inayo. Chipinda chinali mbali inayo. Zonse zinalipo ndithu, ejenti sananame, koma zinali zotembenuka ngati mmene munthu amadzionera pagalasi.

Anakaima pakhomo la khitchini, kutsinzina, kutambasula dzanja lamanja. Linagwira mphepo. Kumanja kunali balaza lonse lili pululu, khoma lili kumanzere, ku dzanja losamva lija.

"Amayi, mwatani?" anafunsa Nesi atasenza katoni ya mbale.

"Ndalakwitsa, mwanangu."

"Mwalakwitsa chiyani? Nyumba yabwinobwino iyi."

Nthawi yomweyo a Telala anali akulowa, atagwira phewa la dalaivala wa lole, akumwetulira ngati mlendo.

M'mawa wake bambo anayesa. Popita kukhitchini panalibe vuto, khoma linali kumanja. Mayi ali gone anamva ketulo ikuwira, supuni ikulira m'kapu. Kenako kunamveka mapazi osatsimikiza, akupita uku, akubwerera, kenako kapu inaphwanyika pansi. Anawapeza ataima pakati pa balaza, dzanja lamanja lili m'malere likufunafuna, tiyi akuyenderera pakati pa mapazi awo.

"Ndasochera m'nyumba mwanga, mayi," anatero chapansipansi.

Tsiku lotsatira bambo sanadzuke. Linzakelo anakhala m'mphepete mwa bedi kudikira kuti awagwire dzanja. "Tiyi muzipanga nokha," anatero. "Ine ndakalamba." Mayi anapanga tiyi wabwino, wa masamba oyenera, ndipo anawakanika kummeza. Chinkawapweteka kwambiri n'chakuti bambo sanawadzudzule ngakhale kamodzi.

Loweruka Nesi anabwera ndi maganizo ake. Anati nyumba yopanda pokhala ndiyo ikuwadwalitsa onse, ndipo iye awagulira makolo ake mipando yatsopano. Anawakweza onse awiri m'galimoto, chifukwa ababa sakanatsala okha m'nyumba imene sakuidziwa. Analowa shopu iyi, kutuluka, kulowa ina. Mwina mipando inali yofewa yoti ukakhalapo podzuka uchite kuitana anthu, mwina inali ya miyendo yachitsulo yotuluka kunja ngati ikudikira chala cha munthu. Pofika ku shopu yaikulu ya kumapeto kwa msewu, bambo anali atatopa, ndipo anawakhazika pa benchi pafupi ndi khomo, chipewa chili pamaondo.

Nesi anakopeka ndi sofa yaifupi yokhota pakona, ndi tebulo lagalasi.

"Tebulo lagalasi, m'nyumba mwa abambo ako?" anatero mayi. "Ukufuna uziwasoka miyendo kuntchito kwako?"

Anamusiya akukambirana ndi wogulitsa, iwo n'kumangoyendayenda pakati pa katundu. Mutu unkawawawa, ndipo mwa chizolowezi cha masabata aja anatsinzina. Dzanja lawo lamanja linagwera pa chinthu cholimba, chofika m'chiuno. Anayenda, chinthucho chikupitirira. Anayendabe, chikupitirirabe, chowongoka, chosagwedera. Atatsegula maso anapeza kuti ali kumbuyo kwa sofa yaitali imene inaikidwa pakati pa shopu, ya msana wautali wathabwa wokutidwa ndi nsalu yokhuthala. Mtundu wake unali wonga madzi otsukira mbale.

Anabwerera poyambira, kutsinzinanso, kuyendanso.

Wogulitsa anafika akumwetulira. "Mayi, sofa amaiyesa pokhalapo. Bwerani kutsogolo kuno."

"Ine ndikugula kumbuyo kuno."

Anakawatenga amuna awo pa benchi paja, kuwaimika kumapeto kwa sofa, n'kuika dzanja lawo lamanja pamsana pake. A Telala anaima kaye, kenako zala zija zinayamba kuyenda, mapazi n'kutsatira. Anafika kumapeto, n'kutembenuka.

"Anasoka ndani sofa imeneyi?" anafunsa bambo. "Ulusi ukudumphadumpha. Akanakhala wophunzira wanga bwenzi atasomola yonse."

"Ababa, ndi yonyansa," anadandaula Nesi. "Mtundu wake simungaufune."

"Ine ndikuiona yokongola kwabasi."

Nesi anaseka, kenako anayang'ana dzanja la abambo ake pamene linali, anayang'ana amayi ake, ndipo kuseka kuja kunathera m'njira. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja n'kufunsa wogulitsa ngati angaibweretse tsiku lomwelo.

Anyamata obweretsa katundu anafuna kuigunditsa kukhoma monga amachitira anthu onse. Mayi anawauza kuti aikokere pakati, mutu wake uyambire pakhomo la khitchini, msana uyang'ane khoma, pakati patsale kanjira. Anyamatawo anayang'anana koma anachita. Pamene sofa inathera, mayi ndi Nesi anakankhirapo tebulo la makina osokera. Balaza linaoneka ngati eni ake akadali pa ulendo wosamuka, koma zimenezo mayi analibe nazo ntchito. Chinawadetsa nkhawa chinali mpata umene unatsala pakati pa makinawo ndi khomo la kuchipinda, waukulu ngati munthu atatambasula manja onse. Pamenepo sakanaikapo kanthu, chifukwa chitseko cha panja chinkatsegukira pomwepo.

Kutacha, dzuwa litayamba kulowa pa katani, mayi anamva bedi likupepuka mbali ya amuna awo. Anamva masilipasi akukwekwereza, ketulo ikuwira, supuni ikulira. Anapirira mpaka pamene anamva mapazi akuyamba kubwerera, basi mtima unawakanika. Anadzuka osavala nsapato, kunyang'ama, n'kukaima pa mpata paja ali chete, mpweya ataugwira.

A Telala ankabwera, kapu kumanzere, nkhope itakwezeka pang'ono. Dzanja lamanja linatsata msana wa sofa mpaka kumapeto, linadumphira pa tebulo la makina, linasisita nsalu yovundikira, linafika pa ngodya, linatambasuka. Linagwira mkono wofunda.

Bambo anaima. Zala zija zinakwera paphewa, pakhosi, patsaya, mpaka pamphumi, n'kupeza pamene panali chotupa paja.

"Ichi ndiye kushopu kuja sindinachigwire," anatero. "Chinabwera ndi sofa?"

Mayi anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka.

"Chaphwa tsopano," anapitiriza bambo, chala chikusisita pamphumipo. "Mumayesa sindinadziwe? Munthu woyenda akuyang'ana sagunda windo ndi mphumi. Mwandiyendera mumdima mokwanira, mayi."

"Pali mpata apa, bambo. Ndimaopa."

"Ndaumva. Inenso ndikuopa." Anachotsa dzanja lija pankhope pawo n'kulibwezera pa ngodya ya tebulo. "Koma tiyi uyu ndi wa mayi ena ake amene ali pabedi. Oima panjira sindiwapatsa. Bwererani mukagone."

Mayi anabwerera. Panalibe ntchito imene anaigwirapo yolemera ngati imeneyo, kuchoka pa mpata paja. Anakhala pabedi atafunda mpaka m'chiuno, manja atakumbatira maondo, ndipo anatsinzina. Kunja kwa chitseko kunali zii. Kenako silipasi imodzi inakwekwereza. Inzake inatsatira. Panadutsa kanthawi kopanda phokoso lililonse, kotalika moti mayi analuma bulangete kuti asaitane. Kenako chikhatho chinamenya felemu ya chitseko, phaa, n'kuigwira zolimba.

A Telala analowa, thukuta lili pamphumi, n'kupereka kapu. Tiyi anali atatayikira pang'ono pa chala chawo ndi pa malaya ogonera. Mayi analandira ndi manja awiri, kupemerera, kumwa. Anali wakuda bii, wowawa ngati mankhwala.

"Mwachulutsa masamba," anatero mayi.

Bambo anakhala pansi m'mphepete mwa bedi, kupuma kaye, n'kupapasa mpaka anapeza phazi la akazi awo pansi pa bulangete.

"Kadandauleni kwa abwana," anatero.